Ana a kuseri kwa zimbudzi

"Mwana wanga si mbale yakuda yoti muziibisa kunsi kwa bedi alendo akabwera!"

Anandikalipira choncho mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti la sukulu yathu ku Chimwankhunda, ine ndisanatsike n'komwe pakabaza. Unali m'mawa, ana akulowa. Amayi anzake a mafirizi ndi chinangwa chokazinga anasiya zonse n'kumandiyang'ana. Amandidziwa. Aliyense pasukulu paja amadziwa kuti ine mtima suchedwa kundifika pakhosi.

"Mayi, mukunena ine?"

"Nanga Sitandade 4A ndi ya ndani? Dzulo galimoto ya kukoleji itangolowa, ana ena a m'kalasi mwanu anawatulutsa. Ndinaona ndi maso angawa. Anakawakhazika kuseri kwa zimbudzi, ati azitola mapepala. Mapepala ake ati kumene kuja? Ntchentche zokhazokha! Wanga anali pomwepo. Galimoto itatuluka m'pamene anawaitana, ngati nkhuku madzulo."

"Ine dzulo kunalibe. Ndinali kuchipatala."

"Kaya munali kuchipatala, kaya kumanda, kalasi ndi yanu!"

Amayi aja anaseka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe zoti asadzaiwale, koma ndinaona mwana wakeyo ataima kuseri kwa beseni la zitumbuwa, atavala yunifolomu koma alibe chikwama cha mabuku. Ndinkamudziwa bwino. Anali mtsikana wofatsa, wobwereza kalasi, amene mpaka nthawi imeneyo ankawerenga poloza chilembo chimodzichimodzi ndi chala.

"Iwe, tiye m'kalasi," ndinatero.

Anapukusa mutu.

"Salowa," anatero mayi ake. "Akuti asala ang'ono aja anawauza kuti iwo ndi osokoneza."

Ndinalowa pageti.

Asala ang'onowo anali mnyamata wa kukoleji ya aphunzitsi amene anabwera kudzaphunzira ntchito m'kalasi mwanga. Ine ndaphunzitsa zaka zoposa makumi awiri. Sukulu yanga ndi ya fomu folo basi, kuwonjezapo maphunziro a uphunzitsi a nthawi yathu, omwe anali achidule: amakupatsa choko n'kukulozera chitseko. Masiku ano si choncho. Ophunzira akatha miyezi ingapo kukoleji amawatumiza kusukulu ngati yathuyi, aliyense n'kumupatsa mphunzitsi wakale woti azimuyang'anira. Woyang'anirayo amamutcha menta. Chaka chimenecho ahedi anasankha ine, kaya pondikhulupirira, kaya pofuna kundilanga, sindinawafunse.

Ife amenta anatiitana kumaphunziro a masiku ochepa kukatiuza mmene tizichitira. Zambiri ndinaiwala. Chimene ndinachigwira, chifukwa chinandikwiyitsa, ndi ichi: wophunzira akamaliza kuphunzitsa, usamuuze zimene walakwitsa. Ukhale naye pansi, umufunse mafunso, adzione yekha. Chayenda bwino n'chiyani? Chavuta n'chiyani? Mawa usintha chiyani? Iwo amati rifulekishoni, ife tinkangoti kudziunika. Ndinaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Nanga munthu akamagwera m'dzenje ine ndikuona, ndizimufunsa kuti akumva bwanji?" Anthu anaseka. Wotiphunzitsayo anati, "Abambo, mudzazolowera." Sindinazolowere.

Vuto lake n'lakuti ana a kukolejiwa mayankho a mafunso aja analoweza ngati katekisimu. Ukafunsa chimene chavuta, aliyense amati, "Nthawi inandichepera." Ukafunsa chimene asinthe, "Ndidzagwiritsa ntchito zipangizo zokwanira." Wanga uja ankayankhanso chimodzimodzi, maso ali pansi, manja ali kumbuyo ngati ali m'khoti.

Koma ulesi analibe, zimenezo sindingamunamizire. Ankafika ine ndisanafike, atapukuta kale pabolodi. Matchati ankajambula bwino kuposa mphunzitsi wina aliyense pasukulupo, mpaka amadamu a makalasi ena ankabwera kudzabwereka osabweza. Chimene analibe ndi mawu. Kalasi yanga inali ndi ana oposa zana, ambiri okhala pansi, ndipo ana akazindikira kuti munthu akuwaopa amamusandutsa choseweretsa. Iye akati, "Chete, ana inu," mawu ake sankadutsa mzere wachitatu. Kangapo konse ine ndinkalephera kupirira. Ndinkamenya dasitala patebulo kamodzi, kalasi yonse zii. Iye n'kupitiriza kuphunzitsa, koma ana maso ali kwa ine.

Ulendo woyamba lekichala wa kukoleji, mayi wamagalasi wosaseka wamba, atabwera kudzamuonerera, zinavuta. Mnyamatayo anagawa ana m'magulu monga amawaphunzitsira kumeneko, magulu aja n'kusanduka msika wa Limbe. Awiri anamenyana polimbirana cholembera. Ine ndinali kumbuyo ndikudziluma milomo, poti lekichala akakhalapo menta saloledwa kulowerera. Mayi aja analemba zawo, n'kumuuza kuti abweranso, ndipo zikadzavutanso chonchi nkhani yake ipita kwa akuluakulu a kukoleji. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake: kumuchotsa, kumubweza kunyumba. Popita anandisiyira nambala yawo ya foni. "Pakakhala chilichonse chokhudza mwanayu, mundiimbire, abambo."

Tsiku limenelo mafunso atatu aja ndinawataya. Ndinamuuza mnyamatayo mosapita m'mbali: "Achimwene, mayi aja akadzapezanso kalasi ili chonchi, mwapita. Konzani kalasi yanu."

Ulendo wachiwiri unagwera pa tsiku langa lokayezetsa BP. Ndinafuna kujomba kuchipatalako, koma mkazi wanga anati ndikatero ndikapeze kwina kogona. Madzulo ake mnyamata uja ananditumizira uthenga pafoni: zayenda bwino, lekichala wasangalala, wakhoza. Ndinagona mtima uli m'malo. Ndiye kutacha, pageti, ndi mbale yakuda ija.

Mnyamatayo ndinamupeza m'kalasi akulemba deti pabolodi. Anandimwetulira, koyamba chibwerereni pasukulupo. Ndinadziletsa mpaka nthawi ya buleki. Sindikudziwa kuti ndinatha bwanji. Ndinaphunzitsa masamu ndikulakwitsa ndekha, ana akutsogolo n'kumandikonza.

Pa buleki ndinamutengera pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa ofesi, pamene tinkakhala podziunika. Ndinadziuza kuti lero ndichita monga anatiphunzitsira. Ndifunsa.

"Dzulo chinayenda bwino n'chiyani?"

"Ana onse anatenga nawo mbali, sala. Magulu anagwira ntchito mwadongosolo."

"Ana onse."

"Inde, sala."

"Chinavuta n'chiyani?"

"Nthawi inandichepera pang'ono."

Ndinagwira mpando ndi manja onse awiri.

"Mwana wa mayi wa zitumbuwa uja anali gulu liti?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsatu, aphunzitsi."

Anayamba kudzipukuta choko m'zala, choko chomwe munalibe. Kenaka anati, "Anali panja, sala."

"Akutani?"

"Akutola mapepala."

"Anali ndi ndani?"

Anawatchula mmodzimmodzi. Sanaphonye ndi mmodzi yemwe. Onse osatha kuwerenga, onse obwereza kalasi, awiri omenyana aja, ndi mwana wina wachibwibwi amene sanasokonezepo munthu chibadwire. Pamenepo mafunso anandithera. Ndinaimirira, mpando n'kugwa.

"Inu mwabwera kudzaphunzira uphunzitsi kapena kugulitsa tomato? Wabwino pamwamba, wovunda pansi pa mulu? Ana mwawabisawo ndi amene ali ntchito yanu! Anzeru aja akhoza kuphunzira ngakhale mutawaimikira chitsa kutsogolo!"

Aphunzitsi ena anasuzumira pawindo la ofesi. Ndinkaganiza kuti alira, kapena agwada n'kupepesa. Sanatero. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Sala, munandiuza nokha kuti ndikonze kalasi. Simunandiuze kuti ndiikonze bwanji. Ndinayesa nyimbo, ndinayesa kuwomba m'manja, ndinayesa kuwasintha malo okhala. Inu mukangotsokomola amakhala chete chifukwa amakuopani. Ine nkhope yanuyo ndilibe. Ndinafunsa amadamu a 4B, anati anthu amatero alendo akamabwera, ndi kanthawi kochepa chabe. Ndikanatani? Ndibwerere kunyumba ndikawauze chiyani abambo anga?"

"Ndiwaimbira foni alekichala anu."



"Mukaimba, sala, ndiye kuti basi. Kumeneko zoterezi amazitenga ngati kubera mayeso."

"Nanga si kubera?"

Belu linalira.

Amadamu a 4B ndinawapeza pakhonde akudya chimanga chootcha. Ndi munthu wamsinkhu wanga, tinayamba ntchito nthawi imodzi, ndipo sandiopa. Anandilola kukalipa mpaka ndinamaliza, iwo akutafuna.

"Mwatha?" anatero. "Inu a 4A musadzipange oyera. Oyendera sukulu akabwera simuona ana akutumidwa kukathirira maluwa dzuwa lili paliwombo? Mumaganiza kuti maluwawo ayamba liti kumva ludzu masana? Mwanayo ine ndamuthandiza. Mukufuna abwerere kwawo chifukwa cha ana oti ngakhale inuyo mwalephera kuwaphunzitsa kuwerenga?"

Zothirira maluwazo ndimazidziwa, ndaziona zaka zambiri, koma m'kalasi mwanga sizinachitikepo. Oyendera akabwera amapeza ana anga onse, onunkha ndi osamba omwe. Ndinawauza zimenezo amadamuwo. Koma mawu awo omaliza aja anandilasa, chifukwa anali oona. Ana amenewo anali m'manja mwanga chiyambireni chaka, ena chaka chachiwiri, ndipo ankakhala chete ine ndikamaphunzitsa, chete wabwino kwambiri, osamva kanthu.

Ahedi sanachulukitse. "Abambo, nkhaniyi ithere pompano. Mukaimba, koleji isiya kutitumizira ophunzira, ndiye makalasi onsewa muziphunzitsa nokha? Mayi wa pagetiyo ndilankhula naye ine." Ndinawafunsa kuti akamuuza chiyani. Anati ndituluke ali ndi ntchito.

Titaweruka ndinakwera minibasi ya ku Limbe kukagula mankhwala, poti kuchipatala dzulo lake anangondilembera, ati atha. Foni inali m'thumba la malaya. Tikudutsa ku Kanjedza ndinaitulutsa, n'kupeza nambala ya lekichala, n'kuibwezanso m'thumba. Kondakitala anati, "Madala, tasunthani pang'ono," ine n'kumukalipira ngati wanditukwanira makolo. Anthu anangondiyang'ana. Mayi wina kumbuyo anati, "Awa akuchokera koyambana ndi akazi awo."

Ku Limbe ndinaiwala kuti njira ya kufamase imadutsa pakhonde pamene bambo ake a mnyamata uja amasokera. Ndi telala wachikulire, makolo ake anachokera ku Mozambiki, ndipo Chinyanja chake chimakokera ku Chisena. Sabata yoyamba ya temu anabwera kusukulu atavala jekete, kutentha konse kuja, kudzangondiona. Anagwira dzanja langa ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwanayu ndamuika m'manja mwanu. Akalakwa musandifunse ine, bambo wake ndinu." Malaya awiri oyera amene mwanayo ankasinthanitsa kusukulu anasoka ndi iwo.

Anandiona ndisanawoloke msewu. Anasiya makina n'kuimirira, tepi ili m'khosi.

"Aphunzitsi! Aphunzitsi! Takhuta, takhuta kwambiri, zikomo! Mwana wandiuza. Akuti mayi a kukoleji anamuyamikira pamaso pa ahedi." Anatembenukira kwa telala mnzake wapafupi. "Iwe, awa ndi amene ndimakuuza aja. Akundiumbira mwana awa."

Kenaka anayang'ana kolala ya malaya anga, n'kuigwira ndi zala. "Iyi yatha, aphunzitsi. Mudzabwere nawo malayawa ndidzaitembenuze. Munthu ngati inu simungaime pamaso pa ana chonchi."

Ine amene sindisowa chonena ndinangoti, "Zikomo, bambo." Ndinagula mankhwala aja, pobwerera n'kudzera njira ina ya kumsika, m'matope.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akusita. Ndinamufotokozera zonse ndikuyendayenda m'chipindamo. Ndinkafuna andithandize, koma iye anangondiwonjezera.

"Akanakhala mwana wathu amene anamukhazika kuzimbudziko, bwenzi mutagwetsa sukulu yonse," anatero.

"Ndiye ndiimbe?"

"Imbani, nanga si mwakwiya. Mukaimba muyamba kukana chakudya sabata yathunthu, ine n'kumavutika nanu. Ndipo malaya anuwo mukawasoketse kwina."

"Ndiye ndisaimbe?"

"Abambo, menta ndinu. Ine ndikusita."

Ndinatuluka n'kukakhala pakhonde dzuwa likulowa. Ndinaziyeza uku ndi uku, osapeza mbali yoyera. Ndikaimba, mwanayo apita, malo ake n'kutenga wina wamawu akulu amene adzabisenso ana koma osagwidwa. Ndikapanda kuimba, wakhoza ndi bodza, ndipo phunziro lalikulu la temu yonse walitenga kwa amadamu a 4B, lakuti zimenezi zimatheka ndipo zimapindula. Munthu ameneyo adzakhala ndi kalasi yakeyake mpaka adzakalambe. Ana angati adzaone kuseri kwa zimbudzi? Ndipo mayi wa zitumbuwa uja, ndi mwano wake wonse, sanalakwe ngakhale liwu limodzi.

Chimene chinkabwerabe m'mutu mwanga ndi mmene anawatchulira mayina aja. Sanayang'ane paliponse. Mwa ana oposa zana ankadziwa kuti wosawerenga ndi uyu ndi uyu, wochita manyazi ndi uyu, woyambitsa ndewu ndi uyu. Ndikudziwa aphunzitsi a zaka zambiri amene mutawafunsa zimenezo angayambe kukanda m'mutu. Kuti awabise, anayamba wawadziwa. Maso anali nawo, anangowagwiritsa ntchito yonyansa. Ndipo podziunika ponse paja, miyezi yonse ija, ine ndinali ndisanamufunsepo za mwana ndi mmodzi yemwe pomutchula dzina. Tinkangosinthana katekisimu, iye zake, ine zanga.

Mpaka lero sindinganene kuti ndinasankha bwino. Malikisi amene lekichala anamupatsa anakhala momwemo, ndipo anali abodza. Lekichala anandidalira n'kundipatsa nambala, ine sindinamuuze. Zimenezo zimandidyabe, makamaka ndikamva anthu akunditcha munthu wosabisa mawu.

M'mawa mwake foni ndinaisiya dala pamwamba pa kabati. Ndimadzidziwa: ikakhala m'thumba, munthu akangondiyankha mokhota, chala chimathamanga chokha.

Pageti mayi uja anandiona n'kuyang'ana kumbali. Mwana anali pomwepo, akuthamangitsa ntchentche pabeseni.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka."

"Ndibwerekeni mwanayu."

"Mukukamuika kuti lero?"

"Kutsogolo."

Anandiyang'ana. Kenaka anapisa pansi pa tebulo n'kutulutsa chikwama cha mabuku. Chinali pomwepo masiku onse awiri. "Ndili pompano," anatero. "Kuzimbudziko ndimaonako bwinobwino."

M'kalasi mnyamata uja anali ataima pafupi ndi bolodi, maso ali ofiira, malaya ositidwa bwino ngati masiku onse. Ana atapereka moni ndinamuuza kuti atchulenso mayina amene ananditchulira dzulo. Anandiyang'ana, n'kuyamba kutchula. Ana aja anaimirira mmodzimmodzi. Wachibwibwi uja sanadikire kuuzidwa, anayamba kale kulowera kuchitseko.

"Ukupita kuti iwe? Bwerera. Nonse mwatchulidwanu bwerani mukhale kutsogolo kuno. Ena nonse, tengani makope, panja!"

Kalasi inakhuthuka ndi phokoso, anzeru aja akudandaula kuti alakwa chiyani. Munatsala kagulu kaja, katakhala pansi pa bolodi, kakuyang'anana.

"Phunziro limene munaphunzitsa dzana lija," ndinamuuza mnyamatayo, "muwaphunzitse awa. Sanalimve, anali kotola mapepala. Ndipo kuyambira lero phunziro loyamba m'mawa uliwonse ndi lanu ndi iwowa, mpaka temu ithe. Dasitala wanga simumumvanso."

"Nanga foni ija, sala?"

"Ili kunyumba."

"Ndikalephera?"

"Mulephera kumene. Pa buleki mudzandiuze mmene mwalepherera, mwana uyu zakuti, uyu zakuti, ndi mayina awo. Mukadzangoti nthawi inakucheperani, ndikwera kabaza kukaitenga foniyo."

Ndinanyamula mpando wanga n'kutuluka. Ana ena aja ndinawakhazika pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndisanatsegule buku, m'kalasi muja munamveka kulira, kenaka kuseka, kenaka chinthu chinagwa. Awiri aja anali atayambanso. Miyendo yanga inaimirira yokha. Ndinaona mayi wa zitumbuwa atasuzumira pampanda, akuyang'ana ine. Mkatimo munamveka mawu ang'onoang'ono aja akuitana mwana wina ndi dzina lake, kawiri, katatu.

Ndinatembenuza mpando kuti chitseko chikhale kumbuyo kwanga, n'kukhala pansi.

"Tsegulani masamu," ndinatero.